Mavidiyo ndi zomvetsera za pa intaneti mu katalogi ya laibulale: zikavuta, yang'anani apa

Buku likafika mu laibulale mumaligwira m'manja, mumawerenga masamba ake, mumalipatsa nambala n'kuliika pa shelefu, ndipo zimene mwalemba lero zidzakhala zoona ngakhale patapita zaka 20. Filimu ya pa Kanopy, nyimbo za mu Naxos Music Library kapena phunziro limene lili pa YouTube sizili choncho. Fayilo ili pa seva ya eni ake. Akhoza kuisamutsa, kuisintha mutu, kutsekera anthu a dziko lina kapena kuichotseratu osakuuzani. Chimene laibulale ili nacho m'manja ndi rekodi ndi linki basi.

Mavuto ambiri a marekodi amenewa amabwera posakaniza zinthu ziwiri. Pali zimene sizisintha, monga mutu, amene anapanga, chaka, chilankhulo ndi kutalika kwake. Palinso zimene zimasintha nthawi ina iliyonse: linki, kampani imene ikukupatsani, laisensi ndi mtundu wa fayilo. Zoyambazo zilembedwe mosamala kamodzi. Zachiwirizo ziikidwe poti mutha kuzipeza zonse pamodzi n'kuzisintha tsiku limodzi. Zitsanzo zili m'munsimu ndi za MARC 21, ndondomeko ya magawo a manambala a rekodi, ndi RDA, malamulo olembera katalogi, motsatira malangizo a OLAC, bungwe la olemba katalogi ya mavidiyo ndi zomvetsera, amene anatuluka mu 2015 n'kukonzedwanso mu 2018. Pofunika kutchula pulogalamu yoyendetsera katalogi tatchula Koha, poti ndi imene malaibulale ambiri a m'mayunivesite kwathu kuno amagwiritsa ntchito.

Vidiyo ikuoneka ngati buku, kapena sikutuluka mukasefa zotsatira

Yambani ndi Leader, mzere wa makhodi umene uli koyambirira kwa rekodi, pa malo 06. Kawirikawiri wolemba katalogi amakhala kuti watsegula fomu ya mabuku, imene imabwera ndi chilembo a, n'kuiwala kusintha. Ena amaika m poganiza kuti chilichonse chobwera pa kompyuta ndi fayilo ya kompyuta. Koma malo amenewa amafunsa zimene zili m'katimo, osati njira imene zafikira kwa inu. Vidiyo ndi g. Nyimbo ndi j. Mawu oyankhula, monga phunziro, ulaliki, nthano kapena kucheza ndi munthu, ndi i. Chilembo m chisiyireni mapulogalamu ndi magemu.

Mukasintha Leader musalekere pomwepo, chifukwa tanthauzo la malo 18 mpaka 34 mu gawo 008 limadalira chilembo chimene mwaika mu Leader. Rekodi imene inayamba ngati buku imatsala ndi makhodi a buku m'malo amenewo, ndipo pulogalamu imawawerenga ngati a vidiyo. Tsegulani 008, sankhani mtundu woyenera, n'kudzaza mwatsopano. Pano pali msampha umene umakola ngakhale odziwa ntchito: chilembo o, chosonyeza kuti chinthucho chili pa intaneti, chimalowa pa malo 23 ngati ndi zomvetsera, koma pa malo 29 ngati ndi vidiyo. Mukachiika pa 23 mu rekodi ya vidiyo, mwachiika pamalo opanda ntchito. Pa vidiyo, malo 33 akhale v, ndipo malo 34 akhale l ngati ajambula anthu ndi zinthu zenizeni, kapena a ngati ndi katuni. Malo 18 mpaka 20 ndi a mphindi, manambala atatu nthawi zonse: mphindi 52 ndi 052, mphindi 7 ndi 007. Zikapitirira 999 mumalemba 000, ndipo ngati simukudziwa mumaika timizere titatu. Pa mawu oyankhula, malo 30 ndi 31 amanena mtundu wake: l ndi phunziro kapena zolankhula, t ndi kucheza ndi munthu, o ndi nthano, p ndi ndakatulo.

Mbali ya kompyuta ija, imene tinaikana mu Leader, malo ake ndi 006 ndi 007. Mu 006 muyambe ndi m, pa malo 06 muike o, pa malo 09 muike c ngati ndi vidiyo kapena h ngati ndi zomvetsera. Gawo 007 lifunika kawiri. Pa vidiyo ya makaka yokhala ndi mawu, loyamba ndi `cr cna` ndipo lachiwiri ndi `vz czazuu`. Chilembo chomalizacho chisanduke s ngati mukudziwa kuti ndi stereo, kapena m ngati ndi mono. Pa zomvetsera, loyamba ndi `cr nna` ndipo lachiwiri limayamba ndi `sr`. Marekodi akale ali ndi `sz` chifukwa khodi r inabwera pambuyo pake, ndiye musadabwe nawo. Mpata umene uli pakati pa zilembozo ndi malo enieni. Mukaufufuta, zilembo zonse zotsatira zimasendera kumanzere n'kutanthauza zina.

Ngati zonsezi zili bwino koma rekodi sikutulukabe, vuto lili ku index, mndandanda umene Koha imasakiramo. Dikirani kuti pulogalamu yopanga index, Zebra kapena Elasticsearch, imalize ntchito, kapena, ngati ndi Zebra, pemphani woyang'anira seva ayendetse `koha-rebuild-zebra`. Ndipo kuti vutoli lisabwerenso, pangani framework, kapena kuti mafomu olembera rekodi, ziwiri mu Koha, ya vidiyo ndi ya zomvetsera, zodzaziratu makhodiwa. Ndi ntchito ya ola limodzi imene imapulumutsa marekodi mazanamazana.

Rekodi ikunenabe za DVD

Njira yachidule imene ambiri amatenga ndi kukopera rekodi ya DVD kapena CD n'kuwonjezerapo linki. Si yoipa, bola mutsuke bwino. Gawo 300 lisanenenso za chimbale ndi kukula kwake, koma likhale motere:

`300 $a 1 online resource (1 video file (52 min.)) : $b sound, color`

Gawo 336 likhale two-dimensional moving image, khodi tdi, pa vidiyo. Performed music, prm, pa nyimbo. Spoken word, spw, pa mawu oyankhula. Gawo 337 ndi computer, khodi c, ndipo 338 ndi online resource, khodi cr. Malaibulale ena amawonjezera 337 yachiwiri ya video kapena audio. Sankhani njira imodzi n'kuitsatira. Mu 347 mulembe video file kapena audio file. Chotsani za PAL ndi NTSC, za region, ndi 538 yonena za makina oonetsera DVD. Chotsaninso kagawo $h mu 245, kamene kanali ka malamulo akale a AACR2. ISBN ya chimbale isamukire mu 020 $z, ndipo chimbalecho chitchulidwe mu 776. Gawo 306 limafuna manambala asanu ndi limodzi, maola, mphindi, masekondi: ola limodzi, mphindi 25 ndi masekondi 30 ndi 012530.

Ena amangoika linki mu rekodi ya DVD imene ilipo kale, ndi 856 41. Ife sitilimbikitsa zimenezo. Wosaka zinthu za pa intaneti zokha sadzaipeza, ndipo tsiku limene DVD idzatayike n'kufufutidwa rekodi yake, linki idzapita nayo limodzi.

Linki yafa, kapena ikupita kolakwika

Apa ndi pamene nthawi yambiri imathera. Linki imakhala mu 856, indicator yoyamba 4, yachiwiri 0, kagawo $u. Mawu oti wowerenga aone akhale mu $z kapena $y, ndipo palibe choletsa kuwalemba m'Chichewa. Mu $u musalowe china chilichonse: mpata umodzi kumayambiriro kapena kadontho kumapeto n'zokwanira kupha linki yabwinobwino. Chionani chimenechi poyamba musanayambe kuimba mlandu kampani.

Kenako funsani kumene linki inatengedwa. Adiresi imene imaoneka pamwamba pa browser pamene vidiyo ikusewera nthawi zambiri imakhala ndi chizindikiro cha ulendo umenewo wokha, ndipo imatha mphamvu pakapita maola ochepa. Imagwira pa kompyuta ya wolemba katalogi tsiku limenelo, mawa lake osagwira kwa aliyense. Chimodzimodzi adiresi yothera ndi .m3u8 imene ena amakaifukula m'kati mwa tsamba: imeneyo ndi ya fayilo yotsogolera tizidutswa ta vidiyo, ndipo kawirikawiri imakhala ndi kiyi wa nthawi yochepa. Fufuzani batani lolembedwa Share, Permalink kapena Cite, n'kutenga linki ya pamenepo. Ngati pali DOI kapena Handle, manambala okhazikika amene sasintha fayilo ikasamuka, tengani imeneyo. Pa YouTube, chofunika ndi zilembo 11 zotsatira v=; zina zonse monga &list=, &t= kapena ?si= zidulidwe, pokhapokha ngati mukufunadi kuti vidiyo iyambire pakati.

Za Handle tichenjezepo. DSpace, pulogalamu yosungiramo zolemba ndi mafayilo a sukulu, ikangoikidwa kumene imabwera ndi nambala yoyeserera, 123456789. Ngati sukulu yanu sinalembetse nambala yakeyake, linki yoyamba ndi hdl.handle.net/123456789 sidzafika kulikonse ngakhale ikuoneka yovomerezeka. Zikatero gwiritsani ntchito adiresi ya seva yanu ya DSpace, ndipo kumbutsani akuluakulu kuti alembetse.

Ngati linki ikugwira pa kampasi koma osagwira kunyumba, nkhani ndi ya proxy, seva imene imalowetsa anthu a kunja kwa kampasi ngati ali pa kampasi. Pa EZproxy, adiresi ya proxy yothera ndi login?url= imayenera kutsogola, kenako linki ya kampani. Zolakwika zimene zimabwerabwera ndi zitatu. Choyamba, mawu otsogolawo palibe. Chachiwiri, alipo kawiri, chifukwa kampani inawaikiratu m'marekodi ake inu n'kuwonjezeranso. Chachitatu, alipo bwino koma dzina la seva ya kampani silinalowetsedwe mu config.txt, ndiye EZproxy imakana n'kunena kuti woyang'anira avomereze kaye. Mavidiyo amavuta kuposa magazini pa nkhaniyi, chifukwa tsamba limachokera ku seva ina pomwe vidiyo yeniyeniyo imachokera ku inanso. Tsamba limatseguka koma bokosi la vidiyo limangokhala lakuda. Tengani stanza yatsopano, mizere ya kampaniyo yolowa mu config.txt, ku OCLC, eni ake a EZproxy, kapena kwa kampaniyo, musalembe nokha. Zinthu zaulere monga za pa YouTube ndi Internet Archive musazidutsitse pa proxy, mungowonjezera katundu pa seva n'kutsekera anthu amene alibe pasiwedi. Mu 856 $7 muike 0 pa zaulere ndi 1 pa zolipira, kuti mudzathe kuzisiyanitsa msanga.

Zikakhala kuti malinki onse a kampani imodzi afa tsiku limodzi ngakhale pa kampasi, funsani a ICT ngati asintha kampani ya intaneti. IP, nambala yodziwikira netiweki yanu pa intaneti, ikasintha, kampani ya mavidiyo sikuzindikiraninso. Atumizireni manambala atsopano, ndipo ngati munalembetsa kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a ku Malawi, adziwitseninso iwo. Poyesa, musagwiritse ntchito kompyuta ya mu ofesi yokha. Tengani foni, zimitsani Wi-Fi, yesani ndi bandulo ngati mmene wophunzira angachitire ali kwawo.

Malinki sangayesedwe ndi manja akachuluka. Koha ili ndi `check-url-quick.pl` mu foda ya cronjobs, ndipo MarcEdit, pulogalamu yosinthira mafayilo a MARC, ili ndi chida cha Verify URLs. Yendetsani kamodzi pa mwezi, usiku, pamene netiweki ili yopepuka, ndipo onjezerani nthawi yodikira ngati intaneti yanu ndi yochedwa, apo ayi mudzapeza malinki amoyo atalembedwa kuti afa. Zotsatira zake, manambala amene seva imayankha, muziwerenge ndi nzeru. Nambala 404 ndiye kuti palibe. Nambala 301 ndiye kuti asamuka, ndipo ndi bwino kulemba adiresi yatsopano yakale isanatsekedwe. Nambala 403 nthawi zina imangosonyeza kuti seva yakana pulogalamu yoyesayo, pomwe munthu akhoza kulowa. Yoopsa ndi 200, chifukwa imaoneka ngati zonse zili bwino. YouTube imayankha 200 ngakhale vidiyo itachotsedwa, popeza tsamba lonena kuti vidiyo palibe limatseguka bwinobwino. Malinki odutsa pa proxy nawonso amayankha 200 chifukwa chimene chatseguka ndi tsamba lofunsa pasiwedi. Pa YouTube, yesani kudzera pa youtube.com/oembed?url= n'kutsatiza linki ya vidiyo; yochotsedwa kapena yobisidwa imabweza nambala ya vuto. Pa za proxy, chotsani kaye mawu otsogola n'kuyesa muli pa kampasi.

Linki ikafadi, musathamangire kufufuta rekodi. Ibiseni kaye poika 1 mu 942 $n, OpacSuppression itayatsidwa, n'kufufuza ngati eni ake angoisamutsa. Wayback Machine imasunga tsamba, koma kawirikawiri vidiyo yeniyeniyo simasewera, ndiye musaidalire musanayese. Adiresi yakufayo mukhoza kuisunga mu 856 $h, kagawo kamene MARC inakapatula kuti kazisunga malinki osagwira. Chimene simuyenera kuchita ndi kukopera vidiyo ya munthu n'kuiika pa seva yanu popanda chilolezo. Lamulo la Copyright la 2016 ku Malawi limateteza zimenezo monga limatetezera mabuku. Koma zimene sukulu yanu yajambula yokha, monga maphunziro apadera, misonkhano kapena kucheza ndi achikulire za mbiri ya dera, fayilo yake yeniyeni ikhale mu DSpace kapena pa seva yanu, ndipo YouTube ikhale 856 yachiwiri. Zosiyidwa pa akaunti ya wogwira ntchito mmodzi zimasowa iye akachoka.

Laisensi inatha koma marekodi adakalipo. Marekodi abwera awiriawiri

Makampani monga Alexander Street, Films on Demand ndi Kanopy amapereka marekodi a MARC m'magulu, ena zikwizikwi. Kuwalowetsa n'kosavuta. Kuwatulutsa ndiye kumavuta ngati simunaike chizindikiro powalowetsa. Gulu lililonse lisanalowe, lipatseni mawu ofanana m'gawo la laibulale yanu yokha, monga 590: dzina la phukusi ndi tsiku lotha laisensi, lolembedwa chaka, mwezi, tsiku, monga 2026-06-30, kuti lipoti lizisanja lokha. Izi n'zofunika kwambiri pa mafilimu ogulidwa imodziimodzi kwa chaka chimodzi kapena zaka zitatu, poti iliyonse ili ndi tsiku lake. Mukasankha gawo la 9XX, pewani 942, 952 ndi 999 chifukwa Koha imawagwiritsa ntchito, ndipo gawo lanulo mulilembetse mu framework. Gawo limene framework silikulidziwa limatayika munthu akatsegula rekodi n'kuisunga.

Marekodi awiriawiri amabwera chifukwa cha lamulo lofananitsira. Mukalowetsa gulu lachiwiri popanda lamulo, Koha imaona zonse ngati zatsopano. Mukafananitsa ndi 001 yokha, pali ngozi ina: makampani awiri akhoza kukhala ndi nambala yofanana, ndiye rekodi ya filimu ina imagwera pa ya inzake. Njira yabwino ndi kusamutsa 001 kupita ku 035 $a, mutatsogoza khodi ya kampani ya mu 003 m'mabulaketi, n'kufananitsa ndi 035. Musafananitse ndi ISBN kapena mutu. Mukatero rekodi ya pa intaneti imafufuta ya DVD, chimbale chili pa shelefu n'kutsala chitapachikidwa pa rekodi yonena kuti chili pa intaneti. Mukamaliza staging, pamene gulu limadikirira lisanalowe mu katalogi, yang'anani marekodi khumi kapena makumi awiri amene Koha yati afanana musanadine batani lolowetsa. Zikalakwika, batani la Undo import limabweza gulu lonse, bola ngati simunayeretse gululo, ndiye musafulumire kuliyeretsa.

Nanga filimu imodzi ikapezeka kwa makampani awiri? Malamulo a provider-neutral, amene PCC, mgwirizano wa malaibulale olemba katalogi limodzi, inayambitsa mu 2009 pa mabuku a pa intaneti, amati rekodi ikhale imodzi, yokhala ndi pn mu 040 $e, yopanda dzina la kampani yogawa kapena mtundu wa fayilo m'magawo ofotokozera, koma ya 856 ziwiri. Kwa wowerenga n'zabwino. Kwa laibulale ya antchito awiri kapena atatu imene imalowetsa ndi kuchotsa marekodi m'magulu, rekodi yosiyana pa kampani iliyonse ndi yosavuta kusamala, chifukwa laisensi ina ikatha mumafufuta gulu lake osaopa kuchotsa linki ya inzake. Zonse ziwiri n'zotheka; choipa ndi kusakaniza osalemba pena paliponse njira imene mwasankha. Ndipo onetsetsani kuti ndi filimu imodzidi: ya mphindi 52 yokonzedwera wailesi ya kanema ndi ya mphindi 90 zimafuna marekodi awiri ngakhale mutu uli umodzi.

Kanthu kena kakang'ono. Rekodi yopanda item, kapena kuti kope lolembetsedwa pansi pake, sioneka munthu akasefa ndi nthambi ya laibulale. Ipatseni item yokhala ndi 952 $a, $b ndi $y, ndipo muike chizindikiro mu $7 kuti si yobwereketsa, apo ayi ophunzira adzayamba kuisungitsa ngati buku.

Chaka ndi mutu sizikugwirizana ndi zimene zili mu vidiyo

Tsiku limene likuoneka pansi pa vidiyo ndi tsiku limene inaikidwa pa intaneti, osati limene inapangidwa. Filimu yojambulidwa mu 1987 n'kuikidwa pa intaneti mu 2019, mukailemba 2019 yokha, wofufuza mbiri sadzaipeza, ndipo wophunzira za umoyo adzaitenga ngati nzeru zatsopano. Mu 008, malo 06 akhale p, chaka choyamba 2019, chachiwiri 1987. Mu 264 yokhala ndi indicator yachiwiri 1 mulembe 2019, mu 046 $k mulembe 1987, ndipo mutchule chaka chopangidwacho mu 500 kuti munthu achione ndi maso. Otsatira provider-neutral, ngati zikudziwika kuti fayilo inachokera pa DVD, amalemba wofalitsa ndi chaka cha DVD mu 264. Pa zojambulidwa pamsonkhano kapena pa konsati, tsiku ndi malo zilowe mu 518. Pa nyimbo, chaka chokhala ndi chizindikiro ℗ chimalowa mu 264 ya indicator yachiwiri 4.

Mutu wa vidiyo utengedwe pa zimene zalembedwa mu vidiyo momwemo, kumayambiriro kapena kumapeto. Mutu wa pa tsamba amausintha kuti ukope anthu, ndipo umabwera ndi zilembo zikuluzikulu ndi mawu owonjezera. Ngati ukusiyana ndi wa m'kati, uikeni mu 246, poti ndi umene wowerenga angakumbukire. Izi zikutanthauza kuti wolemba katalogi ayenera kuonera ndithu chiyambi ndi mathero, ndiponso kudumphira pakati kuti atsimikize chilankhulo. Mu 588, indicator yoyamba 0, mulembe kumene mutu wachokera, kenako dzina la tsamba ndi tsiku limene munaonera. Tsiku limenelo ndi limene lidzathandize mnzanu akadzapeza kuti zinthu zasintha. Mwini akaunti ya YouTube asalembedwe ngati wopanga pokhapokha ngati ndiyedi anapanga. Ambiri amangoika ntchito za ena. Wotsogolera, wojambula ndi oyankhula atengedwe pa mayina a mu vidiyo, alowe mu 508, 511 ndi 700.

Chilankhulo, dziko ndi zilembo zosokonekera

Khodi ya Chichewa ndi nya, ya Chitumbuka ndi tum, ya Chiyao ndi yao, ndipo Chitonga cha ku Nkhata Bay ndi tog. Filimu yopanda mawu oyankhula ndi zxx. Mu 041, chilankhulo choyankhulidwa mu vidiyo chimalowa mu $a, koma mu zomvetsera chimalowa mu $d. Mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi ndi $j. Filimu ya Chichewa ya mawu a Chingerezi m'munsi ikhale `041 1_ $a nya $j eng $h nya`, n'kufotokozanso mu 546. Mawu othandiza amene samva amalowa mu $p, ndipo chinenero chamanja mu $r. Magawo 341 ndi 532 alipo kuti mufotokoze zambiri. Mawu amene YouTube imapanga yokha ndi makina ife sitiwalemba mu 041, chifukwa munthu wosamva angadalire rekodi n'kukapeza zosamveka.

Makhodi a mayiko mu 008, malo 15 mpaka 17, si ofanana ndi a pa intaneti. Malawi ndi mw, Mozambique ndi mz, koma za ndi Zambia, South Africa ndi sa, ndipo Zimbabwe idakali rh. Malowa ndi a kumene chinthucho chafalitsidwira. Dziko limene filimu inapangidwira lilowe mu 257.

Mukaona MalaÅµi m'malo mwa Malaŵi, fayilo ya UTF-8 yawerengedwa ngati ya mtundu wina. Leader pa malo 09 ikhale a ngati ndi UTF-8, ndipo ikhale yopanda kanthu ngati ndi MARC-8. Makampani ena amalemba china pomwe fayilo ili ina. Bwezani gululo, sinthani fayilo mu MarcEdit, sankhani encoding yoyenera pa staging, n'kulowetsanso; kukonza imodziimodzi n'kutaya nthawi. Yesaninso kusaka mawu monga ng'oma, chifukwa kachizindikiro kopindika kokopedwa pa tsamba nthawi zina sikafanana ndi kowongoka ka pa kiyibodi.

Podikasiti ndi zinthu zosatha

Podikasiti imene ikutulukabe ilembedwe ngati magazini: Leader 06 ikhale i, 07 ikhale s, ndipo muwonjezere 006 yoyamba ndi s. Mu 310 mulembe kuti imatuluka kangati, mu 362 pamene inayambira, ndipo 588 ikhale iwiri, ya gawo limene munafotokozera ndi ya gawo lomaliza limene munaona. Linki ipite ku tsamba la pulogalamu yonse. Tsamba limene amangowonjezerapo mavidiyo popanda manambala likhale i pa malo 07. Gawo limodzi likafunidwa ndi mphunzitsi, lipatseni rekodi yakeyake yolumikizidwa ndi 773. Vidiyo imene inaulutsidwa pompopompo musailembe tsiku lomwelo. Dikirani muone ngati eni ake aisunga, ndiponso pa adiresi iti.

Linki ili bwino koma sikusewera

Uthenga wonena kuti vidiyo sioneka m'dziko lanu ndiye kuti laisensi ili ndi malire a mayiko. Phukusi lopangidwira United States ndi Canada likhoza kukhala ndi mafilimu otsekedwa ku Africa ngakhale marekodi ake anabwera onse. Pemphani mndandanda wa zimene zimaloledwa m'dziko lanu musanalowetse, ndipo zotsekedwazo zisalowe n'komwe. Ngati 538 ikunena za Adobe Flash, dziwani kuti Flash inasiya kuthandizidwa pa 31 December 2020. Onani ngati kampani inasamutsira vidiyo ku HTML5, n'kufufuta mawu akalewo m'gulu lonse. Onaninso ngati netiweki ya pa kampasi simatseka YouTube nthawi ya ntchito, ndiponso ngati linki ya http sikukanidwa pa katalogi ya https. Kuti vidiyo izisewera m'kati mwa rekodi mu Koha, yatsani HTML5MediaEnabled, onjezerani mp4 ndi mp3 mu HTML5MediaExtensions ngati mulibe, ndipo yatsani HTML5MediaYouTube pa za YouTube.

Chomaliza ndi bandulo. Zomvetsera za 128 kbps zimadya pafupifupi 58 MB pa ola, pomwe vidiyo ya 1 Mbps imadya 450 MB. Wophunzira amene akugula yekha bandulo ayenera kudziwa asanadine. Choncho kutalika kwa vidiyo kusasowe mu 300, ndipo ngati pali fayilo yaing'ono kapena ya mawu okhaokha, ipatseni 856 yakeyake, mu $3 mulembe kuti ndi yopepuka, ndipo kukula kwake kulowe mu $z.